Kumata silikoni m'mbali mwa bafa kuti madzi asiye kulowa kukhoma

Ngati kamzere kaja ka silikoni pakati pa bafa ndi matailosi kayamba kuda bii, kapena kayamba kusendeka moti mukakakhudza ndi chala kakutukuka, musadikire mpaka muone madzi akudontha penapake. Madzi olowa pampata umenewu salowa ambiri tsiku limodzi ayi, amalowa pang'onopang'ono nthawi iliyonse munthu akusamba, nde amakakhala kuseri kwa bafa komwe sikufika mphepo, kunyowetsa khoma, kuwoletsa matabwa ngati pansipo ndi pa matabwa, matailosi a mzere wapansi nkuyamba kugwedera, ndipo ngati nyumba ndi yosanja mumadzangoona banga pa siling'i ya chipinda chapansi zinthu zitaonongeka kale. Pomwe kumata silikoni yatsopano ndi ntchito yoti munthu atha kuigwira yekha bwinobwino osaitana mmisiri, bola kuleza mtima basi.

Chimene ndikufuna muchigwire kuyambira pano ndi ichi: kufinya silikoniyo ndi kagawo kakang'ono kwambiri ka ntchitoyi, mphindi zochepa zokha. Ntchito yeniyeni ndi kuchotsa yakale, kutsuka ndi kuumitsa. Silikoni yatsopano sigwira pa silikoni yakale youma, sigwira pamalo pomwe pali sopo kapena mafuta, ndipo sigwira pachinyontho. Anthu ambiri akaona mzere wada amangogula chubu nkupaka pamwamba pa yakaleyo, tsiku loyamba zimaoneka zoyera zosangalatsa, koma pakangopita nthawi pang'ono yatsopano ija imayamba kusendeka ngati chikhungwa ndipo nkhungu yomwe inakwiriridwa mkati imatulukiranso. Nde ngati mulibe nthawi yochotsa yakale lero, bola muisiye ntchitoyi mpaka tsiku lomwe mudzakhale ndi mpata. Komanso muuziretu apanyumba kuti bafalo silisambidwa kwa masiku awiri kapena atatu.

Tiyambe ndi zogula, chifukwa machubu ake amafanana kwambiri pashelefu ndipo nkosavuta kunyamula yolakwika. Mukufuna silikoni yeniyeni yopangidwira kubafa ndi kukhitchini, pachubu pamalembedwa kuti sanitary kapena kitchen and bath, imeneyo amaikamo mankhwala ochedwetsa nkhungu kumera. Pali ina yolembedwa kuti acrylic, iyo ndi yabwino potseka ming'alu ya m'mbali mwa mafelemu a zitseko pomwe mudzapake penti pamwamba, imatsukika ndi madzi ikadali yaiwisi ndipo ndi yosavuta kugwira nayo ntchito, koma ikauma imafota ndipo sitamuka mokwanira, pamalo ponyowa tsiku ndi tsiku ngati pabafa imang'aluka msanga. Ine pabafa ndimati silikoni basi. Dziwani chabe kuti penti sagwira pa silikoni, nde musankhiretu mtundu womwe mukufuna. Yoyera ndi imene imayenda bwino ndi mabafa ambiri, yoonekera ngati galasi ija imaonetsa litsiro lililonse lomwe latsala pansi pake.

Silikoni nayo ilipo mitundu iwiri. Ina ikamauma imanunkha viniga kwambiri mpaka kuyabwa m'maso, chifukwa imatulutsa asidi yemweyo wopezeka mu viniga, imeneyi imagwira bwino pa matailosi osalala, pagalasi ndi pa enamel, chokutira cholimba chonyezimira chija cha mabafa achitsulo. Ina amailemba kuti neutral cure, fungo lake ndi lochepa. Ngati khoma lanu ndi la mwala wachilengedwe monga marble, kapena silikoni ikhudza chitsulo chosapaka kanthu, kapena simenti, tengani ya neutral, chifukwa asidi uja amadya zimenezi ndipo amatha kusiya banga. Ngati bafa ndi la pulasitiki, aja a acrylic ndi fiberglass, werengani kuseri kwa chubu muone ngati alemba kuti imagwira papulasitiki. Ndipo chonde yang'anani deti lothera ntchito, limadindidwa pachubu pomwepo. Silikoni yokhalitsa imatha kutuluka bwinobwino koma osauma, kumangokhala phalaphala masiku ambiri, ndipo kuichotsa yoteroyo ndi chintchito choposa kuchotsa youma. Mukakaika, finyani pang'ono pakatoni, ngati pakadutsa theka la ola sinayambe kupanga kakhungu pamwamba musaigwiritse ntchito.

Chubu chimodzi cha mamililita 280 mpaka 310 chimakwana bafa limodzi nkutsalako. Chubu cha mamililita 300 chimatulutsa mzere wa mamita pafupifupi 12 ngati mpata uli mamilimita 5 m'lifupi ndi 5 kuya kwake, pomwe bafa lotalika mamita 1.7 logunda khoma mbali zitatu limangofuna mamita atatu ndi kachidutswa.

Zina zofunika ndi gani yofinyira chubu, mpeni wa lezala wakuthwa, chopalira chapulasitiki, tepi ya pepala ija amagwiritsa ntchito opaka penti, sipiriti, jiki, kabulashi kakale kotsukira mano, sanza zoyera zouma zambirimbiri kapena mapepala opukutira, magolovesi, ndi jumbo yotayiramo zinyalala yomwe ikhale pafupi yotsegula kale. Ngati mungapeze kachipangizo karabala kosalazira silikoni tengani, kamathandiza kwambiri. Palinso mankhwala ofewetsa silikoni yakale, si okakamiza koma amapeputsa ntchito.

Musanagwire mpeni, lowani kaye m'bafamo muime, musunthesunthe, wina akhale akuyang'ana m'mphepete pomwe bafa likukumana ndi matailosi. Kutsika pang'ono kosaoneka bwino ndi maso nkwachibadwa makamaka pa mabafa apulasitiki, koma ngati m'mphepetemo mukuoneka kuti mukutsika ndi kukwera, vuto lanu si silikoni ayi, bafalo silinakhazikike. Chotsani chophimba cha m'mbali musuzumire pansi, mabafa ambiri amakhala ndi timiyendo topotokola tokwezera ndi kutsitsira, mwina kena kamasuka kapena sikakugunda pansi. Ena amafunika kathabwa kokhomerera kukhoma kuti mlomo wa bafa uzitsamirapo. Konzani zimenezo kaye, apo ayi mudzamata silikoni yabwino chotani koma izingong'ambika. Muli pomwepo gogodani matailosi a mzere wapansi ndi chala. Likamamveka phwaphwa kapena likugwedera, limateni kaye, ndipo mukapeza kuti khoma la kuseri kwake lafewa ndi madzi, apo ndi pofunika mmisiri aone, silikoni singabise khoma lowola.

Tsopano kuchotsa yakale, ndipo apa ndi pomwe mutaye nthawi yambiri. Dulani kawiri. Koyamba yendetsani mpeni motsamira matailosi kuti mulekanitse silikoni ndi khoma, kachiwiri muugoneke motsamira mlomo wa bafa kuti mulekanitse silikoni ndi bafa. Mukadula bwino mbali zonse ziwiri, mumangogwira nsonga nkukoka ndipo imatuluka yaitali ngati chingwe. Mpeniwo muziugoneka, musauimike chilili, chifukwa pabafa la acrylic lezala amakanda mosavuta ndipo mzere wokandikawo suchoka potsuka, umadzasunga litsiro. Ine pambali ya bafa lapulasitiki ndimakonda chopalira chapulasitiki olo chichedwetse ntchito. Dzanja lina lisakhale kutsogolo kwa mpeni, silikoni imati ikulimba kenako nkuduka mwadzidzidzi mpeni nkuthamanga.

Chingwe chachikulucho chikachoka musaganize kuti mwamaliza. Pamatsala kakhungu kopyapyala kwambiri komatirira pamatailosi ndi pabafa, nthawi zina sikaoneka nkomwe, mumangokamva ndi chala kuti pakuterera mosiyana ndi pena. Kameneko nde kamene kamalepheretsa yatsopano kugwira. Palani, tikitani ndi sanza youma mwamphamvu kamapindika nkuchoka ngati timinyololo, ndipo ngati muli ndi mankhwala ofewetsa aja pakani, dikirani nthawi yomwe alemba pabotolo, palaninso. Yesani kaye mankhwalawo pakamalo kobisika ngati bafa ndi lapulasitiki. Thina ndi acetone musayerekeze pa acrylic, zimaononga kunyezimira kwake mwinanso kuisungunula. M'makona nde mofunika kufatsa kwambiri, yakale imakonda kubisala mkati mwa mpata, itokosoleni ndi nsonga ya mpeni mpaka mpata uonekere.

Nthawi zina mukachotsa silikoni mumapeza kuti pampatapo amisiri anathirapo grout, simenti yoyera ija ya m'mizere ya matailosi, ndipo yang'alukang'aluka. Ichotseni yonse yomwe yamasuka. Grout ndi youma gwa, sitamuka, pomwe bafa ndi khoma zimasuntha mosiyana, bafa limatsika likalemedwa ndipo limafutukuka pang'ono likathiridwa madzi otentha. Nchifukwa chake pamalo pokumana awiriwa pamafunika chinthu chotamuka.

Mukatha kupala sesani tizidutswa tonse, ngati muli ndi makina opopa fumbi gwiritsani ntchito kuti akoke za mkati mwa mpata, ndipo tsekani kabowo kotulutsira madzi kuti zinyenyeswa zisalowe m'mapaipi. Kenako nkhungu. Ngati mpata uli wakuda, sungunulani jiki m'madzi monga alembera pabotolo, pakani ndi kabulashi ka mano kaja, siyani mphindi 10 kapena 15, tsukani ndi madzi oyera. Tsegulani mawindo ndipo valani magolovesi. Apa ndikupempheni ndithu, jiki musamusakanize ndi viniga, kapena ndi mankhwala otsukira chimbudzi, kapena ndi chilichonse chokhala ndi ammonia, zimatulutsa mpweya wapoizoni woti m'kachipinda kakang'ono kotsekeka ungathe kumugwetsa munthu. Ngati munatsukapo ndi china, tsukuluzani kaye ndi madzi ambiri musanabweretse jiki. Musathire madzi ochuluka mumpatamo ayi, kumbukirani kuti panopa ndi potsegula ndipo chilichonse mwathira chikupita kuseri kwa bafa.

Kenako kuumitsa. Pamwamba pamauma msanga koma mkati mwa mpata mumasunga madzi nthawi yaitali, makamaka ngati madzi akhala akulowa kwa miyezi. Pukutani, siyani chitseko ndi windo zotsegula, ikani fani ngati ilipo, ndipo lisiyeni usiku wonse kapena tsiku lathunthu. Choumitsira tsitsi chimathandiza, koma musachiyandikize kwambiri pabafa lapulasitiki, ndiponso magetsi ndi madzi zisayandikane. Poyesa, pindani kapepala kopukutira mukalowetse mumpata, kakatuluka konyowa dikiranibe. Pakauma pukutani mbali zonse ziwiri ndi sanza yoyera yonyowetsa ndi sipiriti, imeneyi imachotsa mafuta ndi zotsalira za sopo ndipo imauma yokha m'mphindi zochepa. Kuchokera apa musagwirenso pamalopo ndi manja.

Yang'anani kukula kwa mpata. Ngati uli mamilimita 3 mpaka 6 zili bwino, pitirizani. Ukaposa pamenepo kapena ngati ndi wakuya moti silikoni izingogwera mkati osadzadza, gulani kachingwe kathonje lapulasitiki kozungulira kotchedwa backer rod, kakhale konenepa pang'ono kuposa mpatawo, mukakanikizire mkati ndi chopalira kuti kasiye malo a mamilimita 5 kapena 6 pamwamba. Sikuti kamangopulumutsa silikoni yokha ayi. Silikoni imagwira bwino ntchito ikamatirira mbali ziwiri zokha, kumatailosi ndi kubafa, pakati pakhale pomasuka kuti izitamuka ngati mphira ya legeni. Ikamatiriranso kumbuyo mbali yachitatu imasowa potamukira, nde bafa likatsika imangong'ambika pakati kapena kusiya mbali imodzi. Mpata ukakhala waukulu kuposa sentimita imodzi, silikoni yokha sikhala bwino, pamafunika kachingwe kapulasitiki kophimbira m'mphepete kapena timatailosi tating'ono totsekera, silikoni nkubwera m'mbali mwake.

Tepi. Amisiri ozolowera samata tepi, koma ngati aka nkoyamba kapena kachiwiri musachite manyazi, tepi nde imene imapangitsa mzere kukhala woongoka. Matani mzere umodzi pamatailosi, wina pamlomo wa bafa, uliwonse utalikire pakona ndi mamilimita 4 kapena 5, kapena kupitirira pang'ono ngati mpata ndi waukulu, chachikulu silikoni ipeze pogwira pokwanira mbali zonse. Kanikizani m'mphepete mwa tepi ndi chikhadabo makamaka podutsa mizere ya grout, pamenepo silikoni imakonda kulowa pansi. Kumapeto pindani kansonga kuti mudzapeze pogwira pochotsa. Tepiyi imateni bafa likadali lopanda madzi, chifukwa mutha kulowamo nkugwada bwinobwino kufikira kukhoma.

Mukatha, dzadzani bafa ndi madzi mpaka pafupi ndi kabowo kapamwamba kaja kotayira osefukira. Ambiri sitepe iyi amaidumpha ndipo ndi imene imasiyanitsa silikoni yokhalitsa ndi yong'ambika msanga. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, nde bafa lokhala ndi malita 150 lanyamula makilogalamu 150, osawerengera munthu. Kulemera kumeneku kumatsitsa bafa ndipo mpata umatseguka. Mukamata bafa lili lopanda kanthu, silikoni imauma mpata uli wochepa, tsiku loyamba kudzadza madzi imakokedwa ndipo imakhala ikukokedwa choncho nthawi iliyonse. Koma mukamata lili lodzadza, imauma mpata uli pakukula kwake, mukataya madzi imangofinyika pang'ono, ndipo silikoni imapirira kufinyika bwino kuposa kukokedwa. Madzi akhale ozizira, otentha amatulutsa nthunzi yomwe inyowetsenso matailosi mwaumitsa movutikira aja. Tsegulani mpopi pang'onopang'ono kuti asathovukire m'mphepete, ndipo ngati dontho lagwerapo pukutani muumitsenso. Ngati panyumba pali ana aang'ono, chitseko cha kubafa chikhale chokhoma nthawi yonse yomwe madziwo ali mmenemo, mwana amatha kumira mwakachetechete m'madzi ochepa kwambiri kuposa amenewa.

Konzani chubu. Dulani kansonga kotseka pamutu pa chubu pamwamba pa mazinga, samalani musadule mazingawo, kenako mangani pamazingapo kamlomo kosongoka kobwera ndi chubucho. Machubu ena kamlomo kamabwera kolumikiza kale ndipo mkati mumakhala kachikopa kofunika kuboola ndi waya kapena msomali wautali. Kamlomoko kaduleni mopendeketsa, madigiri 45, bowo lake likhale lofanana ndi kukula kwa mzere womwe mukufuna, mamilimita 5 kapena 6. Yambani ndi bowo laling'ono, kukulitsa nkosavuta koma mukadula kwambiri simungabwezere. Kumbuyo kwa gani kuli kachitsulo kodina kuti ndodo yake imasuke, dinani, kokerani ndodo kumbuyo, lowetsani chubu, finyani mpaka silikoni ifike kunsonga. Kachitsulo komweko kazolowereni, chifukwa mukasiya kufinya silikoni imapitirizabe kutuluka pokhapokha mutakadina. Yesererani pakatoni mizere iwiri itatu kuti dzanja lidziwe mphamvu yofinyira ndi liwiro loyendera.

Yambirani pakona yakutali, mbali imodzi imodzi, osazungulira bafa lonse kaye kenako nkudzasalaza pamapeto, chifukwa silikoni imayamba kupanga kakhungu pamwamba pakadutsa mphindi 10 mpaka 20, kukatentha mwinanso msanga, ndipo ikayamba kutero mukaikhudza imakwinyika. Gwirani gani mopendeketsa, mbali yodulidwa ya kamlomo iyang'ane mumpata, nsonga igunde pakona, finyani mofanana uku mukukokera gani kwa inu mosathamanga komanso mosaima. Cholinga nchakuti silikoni ilowe mkati mwa mpata, isangogona pamwamba. Mukathamanga mzere umaduka nkusiya mabowo, mukachedwa umaunjikana. Chogwirira cha gani chikafika kumapeto nkufuna kufinyanso, pamenepo mzere umakonda kuonda, nde chepetsani liwiro pang'ono panthawiyo. Popeza bafa ladzadza madzi mukhala mukugwira ntchito mutaima panja nkuweramira, choncho konzani poponda pouma ndipo ngati mkono sufika mbali yonse nthawi imodzi, imani pakati, dinani kachitsulo kaja, sunthani, yambiraninso pamwamba pang'ono pa pomwe munasiyira. Mfundo zake zidzasalala posalaza. Pomwe paperewera onjezerani pompo ikadali yaiwisi.

Kusalaza ndi komwe kumakanikizira silikoni kuti igwire mbali zonse, sikungokongoletsa ayi. Tengani kachipangizo karabala kaja, kagunde tepi mbali zonse ziwiri, kokani ulendo umodzi kuchokera pakona mpaka kumapeto, zomwe zaunjikana pakachipangizo muzipukutira papepala nkutaya mujumbo. Ngati mulibe, chala chovala golovesi chimagwira ntchito, kungoti chala chimakumba pakati nkusiya m'mbali mopyapyala kwambiri, ndipo m'mbali mopyapyalamo nde moyambira kusendeka, nde musakanikize kwambiri. Mzere wabwino umatsetsereka kuchokera kumatailosi kutsikira kubafa kuti madzi azingoyenderera, usakhale ndi kachigwa kosunga madzi.

Za madzi a sopo anthu amasiyana maganizo. Zoona, amathandiza kuti silikoni isamatirire kuchala. Koma anthu ena amawaza madzi a sopo pamzere wonse asanasalaze, ndipo ngati pali pomwe silikoni inali isanagunde bwino tailosi, sopo amalowa pamenepo ndipo sipadzagwiranso, komanso simungathe kuonjezerapo ina pamalo pomwe pakhudza sopo. Ine ndimati ulendo woyamba salazani pouma kuti igwire, ndipo ngati mukufuna kupitanso kachiwiri mungonyowetsa nsonga ya chala pang'ono. Malovu ayi, chala chomwe chakhudza mankhwalawa chisapite kukamwa. Ndipo musabwerezebwereze, kawiri nkokwanira, mukapitiriza kuigwiragwira mumaiononga.

Mukangotha kusalaza mbali imeneyo chotsani tepi nthawi yomweyo, musadikire kuti iume. Kokani pang'onopang'ono mopendekera kutali ndi mzere, tepiyo muziikulunga m'dzanja kuti isakhudze matailosi kapena kugwera m'madzi. Mukachedwa, tepi imanyamula kakhungu ka silikoni nkusiya m'mphepete monyanyuka. Tepi ikachoka pamatsala kamzere kotukuka pang'ono m'mbali, pitanipo kamodzi mopepuka kwambiri kuti kagone. Kenako pitani mbali yachiwiri, ndipo pamakona pokumana mizere onetsetsani kuti palibe kabowo olo kakang'ono, madzi ambiri amalowera pamenepo. Ngati silikoni ya pakona yoimirira ya makoma awiri nayo inali yotha, ichiteni tsiku lomwelo, yambani ndi yoimirirayo kenako yogona. Onaninso pozungulira mipopi ngati ili pamlomo wa bafa, ndi pansi pomwe chophimba cha m'mbali chikugunda pansi, kungoti chophimbacho ngati ndi chomwe pulambala amatsegula pofuna kufika kumapaipi, dziwani kuti tsiku lina mudzafunika kudula silikoniyo.

Silikoni ikakumatani m'manja kapena yagwera patailosi, musathamangire madzi, amangoifalitsa. Pukutani ndi pepala louma kaye kenako sipiriti. Kadontho kakakulu kogwera pamalo osalala nthawi zina ndi bwino kukasiya kaume nkudzakatukula mawa.

Tsopano dikirani. Silikoni siuma ngati penti, imalimba pokoka chinyezi cha mumpweya kuyambira kunja kulowa mkati, pafupifupi mamilimita 2 kapena 3 pa maola 24, nde pamwamba pakhoza kuoneka pouma mkati mukadali mwaiwisi. Machubu ambiri amati maola 24 isanakhudze madzi, ine ndimati ngati mzere ndi wonenepa kapena kukuzizira ipatseni maola 48. Kuiotcha ndi choumitsira tsitsi sikufulumizitsa kanthu. Siyani windo lotsegula kuti fungo lizituluka, musasese fumbi mmenemo tsiku loyamba, ndipo musamaidine ndi chala kuti muone ngati yauma, yesani ija munafinyira pakatoni. Madzi a m'bafa akhale momwemo mpaka nthawiyo ikwane, kenako tsegulani atuluke, ndipo yang'anani mzere wonse ndi tochi. Mukapeza kabowo kapena pomwe sinagwire, dulani kachigawo kameneko, pukutani ndi sipiriti, matani yatsopano, musangopaka pamwamba.

Kuti ikhalitse yoyera, mukatha kusamba tsukuluzani thovu la sopo m'mphepetemo nkupukuta ndi kansalu, chifukwa nkhungu imadya zotsalira za sopo ndi litsiro la m'thupi zomwe zimakhala pamwamba pa silikoni, ndipo mankhwala oiletsa aja amatha mphamvu pakapita nthawi. Mabotolo a shampu ndi sopo musamawaunjike pakona pomwe amasunga madzi pansi pake, ndipo windo kapena fani yotulutsa nthunzi izigwira ntchito mukatha kusamba. Potsuka musakwechepo ndi waya kapena bulashi yolimba. Timadontho takuda tikangoyamba pamwamba, jiki wosungunula amachotsa, koma tikalowa mkati mwa silikoni sitichokanso, apo ndi pofunika kuichotsa nkumata ina.

Yotsala m'chubu musaitaye. Dinani kachitsulo ka gani kuti isiye kukankha, finyirani pang'ono kuti katuluke kansonga kunja kwa kamlomo nkukasiya kaume, kapena kulungani kamlomoko ndi tepi mothina kuti mpweya usalowe, ndipo sungani pamalo pozizira pouma. Tsiku lofuna kugwiritsanso ntchito mumangokoka kansonga kouma kaja, kakakanika masulani kamlomo mutokosole youmayo ndi waya kapena ikani kamlomo katsopano, koma chubu chotsegula sichikhala miyezi yambiri, nde muyeserenso pakatoni musanachiyandikize kubafa.